A Zgambo ndi Chombo Chawo cha Pamtunda

Loweruka lapitali tinali ku chiliza cha a Mateyu Zgambo. Chaka chakwana chimwalirireni, ndipo ana awo anati ntchitoyi ithe mvula isanagwe. Ine ndinanyamuka m'mawa ku Mzimba boma, kumene ndikukhala chipumireni pa ntchito ya unamwino, n'kukwera kapikapu ka ku Embangweni, fumbi mpaka m'makutu. Abusa analalikira bwino, sindikukana. Anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa mkangano. Apo ndinaweramitsa mutu kuti anthu asandione ndikumwetulira, chifukwa a Zgambo amene ndinkawadziwa ine anakanganapo ndi komiti ya mjigo, ndi akazi awo, ndi mwana wawo, ndi ine ndemwe, ndipo mikangano yonseyo inali ya chinthu chimodzi. Abusawo ndi atsopano kuno, chombo cha a Zgambo sanachione.

Ndinakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi zinayi. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno inandibweretsa ndi ntchito, ndipo nyumba imene ndinapeza inali kuseri kwa khola lawo la ng'ombe. Tsiku loyamba dzina langa la Mayi Phiri linathera pomwepo, ndinasanduka NyaPhiri. Tsiku lachiwiri, ndikutsuka mkamwa panja, ndinaona nkhalamba yaitali, yopyapyala, itagwira ndowa, ikuthirira matabwa. Osati dimba ayi, matabwa. Inkatunga ndi chikho n'kumawaza pang'onopang'ono, mbali iyi, mbali iyo, kenako n'kufunditsa ziguduli zonyowa. Mumtima ndinati koma ndiye ndapeza aneba.

Chinthucho chinagona pa zipika ziwiri kumbuyo kwa nyumba, kutalika kwake ngati ngolo ziwiri mutazilumikiza, kutsogolo kosongoka. Ana ankati ndi chomwera ng'ombe. Akuluakulu ena ankati ndi bokosi la maliro la munthu wodzimva. Eni ake ankati ndi jahazi, chombo cha thanga cha kunyanja yamchere, ndipo ankafulumira kuwonjezera kuti ichi n'chaching'ono chabe, chenichenicho chinkanyamula amuna khumi ndi awiri ndi katundu wodzaza malole. Koma thabwa lililonse, mfundo iliyonse, ankati zili momwe zinalili pa chachikulucho.

Mbiri yake ndi iyi. A Zgambo anachoka pamudzi ali mnyamata, atsamunda asanachoke, atangokwatira aNyaMoyo ndi kubereka mwana mmodzi, Tiyezge. Anzawo a dera lino ankalowera kummwera, ku Joni. Iwo analowera kumpoto, ku Tanganyika, ku minda ya khonje. Khonje linawabaya miyezi ingapo, n'kuthawa. Anayenda mpaka pamene dziko lathera, n'kuyamba kusenza matumba padoko. Kumeneko woyendetsa chombo wina, amene iwo ankamutchula kuti nahoda, anaona kuti mnyamatayu ali ndi msana, n'kuwatenga. Anabwerera ku Mzimba patapita zaka khumi ndi chimodzi.

Tsono mtchona kuno amayesedwa ndi katundu. Wa ku Joni amatsika ndi njinga, makina osokera, wailesi, chikhothi chofika m'maondo. A Zgambo anatsika ndi kasemasema kamodzi kokulunga m'chiguduli. Atayamba kufotokoza za madzi opanda tsidya ndi nsomba zouluka, anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, kuseri n'kumati mkuluyu anali kundende ku Mbeya, akungochita manyazi kunena. Mbiri imeneyo inawamatirira moyo wawo wonse. Anagwira ntchito ya macheka ku Viphya mpaka kupuma, anabereka ana ena anayi, anakhala mkulu wa mpingo, koma ikangotuluka nkhani ya nyanja wina ankatsinzinira mnzake.

Za anthuzo akanapirira. Chimene chinkawadya ndi aNyaMoyo. Tiyezge anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi, bambo ake ali kosadziwika, kopanda kolembera kalata. ANyaMoyo anaika mwana, anadikirabe, ndipo amuna awo atatulukira anawalandira. Koma kuwakhulupirira ayi, ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mpaka kukalamba sanawaitanepo ndi dzina la mwana wamoyo. Ankati “awiske Tiyezge”, ndiye kuti bambo a Tiyezge, m'mawa, masana, madzulo.

Tsiku lina ndinawapeza aNyaMoyo akutong'ola chimanga, ine ndi pakamwa pangapa n'kuwafunsa za amuna awo, amene tonse tinkawatchula kuti asekuru.

“Amama, inu simukhulupirira kuti asekuru anali kunyanja?”

“NyaPhiri, ine nyanja sindinaione,” anatero osadzutsa mutu. “Ndinaona manda.”

Sindinafunsenso.

Nkhani za kunyanjazo ndinazimvera pa chilonda. A Zgambo anali ndi chilonda cha pamwendo chouma mutu ngati mwini wake, ndipo ndikaweruka ndinkapita kukachitsuka ndi kumanga. Iwo mwendo pampando, maso ku chombo, pakamwa pali pa ntchito. Chichewa chawo chinali cholemera ndi Chitumbuka, ndipo akafika pokoma chinkagwera m'Chiswahili, ine n'kumawabweza. Ankati chombo chawo chinalibe injini, chinali ndi mabwana awiri okha, mphepo ya mpoto theka la chaka ndi ya mwera theka linalo. Mukafika kumene mukupita mphepo isanatembenuke, mumakhala pansi miyezi, kumasoka thanga ndi kupota zingwe. Tsiku limene ananena zimenezi aNyaMoyo anayankhira kukhitchini kuti mphepo yake inali yaulesi chomene, zaka khumi ndi chimodzi osatembenuka. Asekuru anangoyang'ana bandeji.

Ankati ankaphikira pa bokosi lodzaza mchenga kuti moto usagwire matabwa, ndipo chakudya chinali mpunga ndi nsomba youma, lero, mawa, mkuja. Madzi akumwa ankakhala mu thanki ya matabwa, kapu imodzi m'mawa, imodzi madzulo, ndipo pofika sabata yachitatu ankamwera pansalu kuti tizilombo titsale. Chimbudzi chinali kabokosi kolendewera kunja, kumbuyo kwa chombo, pansi pako mafunde okhaokha. Akafika pamenepa ankaseka mpaka kutsokomola. Popita ankanyamula mitengo yomangira nyumba ndi mchere, pobwera zipatso za kanjedza. Thanga ankalikweza anthu khumi ndi nyimbo, ndipo ankati amene sakuimba ndiye kuti sakukoka. Nahoda wawo analibe mapu. Ankaponya chingwe chokhala ndi chitsulo chopaka mafuta kunsonga, chikatuluka ndi mchenga woyera kapena matope akuda iye n'kudziwa pamene ali.

Ndinkayesa kuti chimene ankaopa kwambiri ndi namondwe. Anati yayi, namondwe amakupatsa chochita. Choopsa ndi bata. Anakhalapo masiku asanu ndi atatu pamalo amodzi, thanga lili lende, madzi akutha mu thanki, amuna akuluakulu osayang'anana kumaso. N'chifukwa chake mpaka imfa yawo sankasiya dontho m'kapu. Mukawapatsa madzi ankamwa onse, n'kupendeketsa kapu kudikira dontho lomaliza. Ine ndinkawanena kuti munthu woumira madzi chotere n'kumathira ndowa zinayi pa matabwa tsiku lililonse, mutu wake tikaupime. Iwo ankati chombo cha matabwa sichifa ndi madzi, chimafa ndi ludzu. Thabwa likauma limanyala, mipata n'kutseguka. Ndinamva, koma monga mmene munthu amamvera nkhalamba, khutu limodzi.

Kamangidwe kake nako kanali kosemphana ndi ka anthu onse. Anaphunzira kwa mmisiri wina wa m'mphepete mwa nyanja, miyezi yodikira mphepo ija. Pepala panalibe, tepi panalibe, diso lokha ndi kachingwe. Anayamba ndi msana wa chombo, kenako matabwa a mlombwa a m'mbali, nthiti n'kudzalowa pomalizira. Mwana wawo Lameki, amene anatsata ntchito ya bambo ake ku macheka, ankati kumeneko n'kufolera nyumba musanaimike mizati. Nthitizo a Zgambo sankazipinda. Ankayenda m'tchire masiku angapo kufunafuna nthambi yokhota yokha mmene akufunira, pamene anthu onse a macheka amafuna mtengo wowongoka. M'mipata ankakhomeramo thonje la m'matilesi akale loviika m'mafuta a nsatsi. Fungo lake linkafika mpaka kwanga, ndipo ndinadandaulapo kangapo, osaphula kanthu.

Mkangano wa mjigo unachitika mu Okutobala wina, ndowa zitandandalika kuyambira m'mawa. Amayi a pamzere anatopa kuona asekuru akubwerera kachinayi. Wapampando wa komiti, aNyaShawa, anawauza pamaso kuti ana akupita kusukulu osasamba, inu mukumwetsa matabwa. A Zgambo anatsutsa masana onse, mpaka kutchula ndime za chingalawa cha Nowa, koma mlandu unawagomera, ndipo kunena zoona unayenera kuwagomera. Mawa lake anayamba kukankha wilibala ya zigubu ziwiri kupita kudambo, ndi mwendo wa chilonda womwe uja. Ndinakalipa. Ndinati ine ndikumanga, inu mukumasula, ndisiya. Anati siyani. Mapeto ake ndine amene ndinagonja, ndinayamba kuwasungira madzi otsukuluzira zovala. Anawanunkhiza, n'kundiuza kuti mawa ndichepetse sopo.

Pofika chaka chachisanu ndi chiwiri chombo chinali chitatha. Mlongoti unalipo, chiwongolero chinalipo, thanga la nsalu yoyera limene anasoka okha ndi chisingano chachikulu linali lopindidwa kudenga. Koma tsiku lililonse ankapeza pena popala, pena pokhoma. Ndikafunsa kuti chilowa liti m'madzi, ankati sichinathe. Ndinachedwa kuzindikira kuti mkuluyu ankaopa. Chombo chili pamtunda, nkhani yawo inali ikadali ndi mwayi. Chikanati chimire anthu akuona, aNyaMoyo akuona, ndiye kuti ndende ya ku Mbeya ija yasanduka yoona, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zija, ndi maliro a Tiyezge amene sanakhalepo, zilibe chowayankhira.

Ndiye mu Juni wina anaterereka ndi wilibala yawo ija n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawatengera ku Mzuzu, ndipo atatuluka m'chipatala anatsalira kwa mwana wawo wamkazi komweko. Anakhala miyezi inayi. Lameki anabwera kudzaona mayi ake. Lameki ndi munthu wabwino, wachete, ndipo ntchito yake ku macheka ndi yosanja ndi kuumitsa matabwa. Atapeza chombo cha bambo ake chili m'ziguduli zachinyezi zonunkha chuku, chisoni chinamugwira. Moyo wake wonse amadziwa chinthu chimodzi, kuti thabwa lonyowa limaola. Anachotsa ziguduli zonse, anakweza chombo pa milu ya njerwa kuti mphepo izidutsa pansi, n'kumanga shedi ya malata atsopano pamwamba pake. Mudzi wonse unamuyamikira kuti mwana ndi ameneyu. Inenso ndinamuyamikira, ine amene ndinauzidwa ndi mwini wake za ludzu lija. Mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

A Zgambo anabwera kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, akuyendera ndodo ziwiri. Sanalowe m'nyumba, sanapereke moni. Analunjika ku shedi, ife tikutsatira. Chombo chinali choyera, chouma gwa, chokongola kuposa kale. Anawerama, n'kulowetsa chala pakati pa matabwa awiri. Chala chinalowa chonse. Thonje linali likulendewera, ndipo mukasuzumira mkati munkaona kuwala kwa dzuwa m'mizeremizere. Lameki anaima pambali, akudikira kuyamikiridwa.

“Wachita izi ndani?”

“Ndine, adada. Ndinati chisaole.”

Chala cha asekuru chinali chikadali mumpata momwemo.

“Chauma bwino,” anatero. “Ntchito yako umaidziwa, mwana wanga. Mawa ubwereke ngolo, tikachiike m'madzi.”

Kumunsi kwa mudziwo kuli damu lomwera ng'ombe limene silimaphwa. Mbiri inayenda, ndipo pofika m'mawa anthu anali atadzaza m'mbali, ena atasiya makasu, ena atatseka maokala. Zaka zisanu ndi ziwiri akuchiona pamtunda, ndani akanatsala. Amuna asanu ndi atatu anachitsitsa pangolo, anachikunkhuniza pa zipika, n'kuchikankhira m'madzi ofika m'chifuwa. Chinayandama kanthawi kongokwana kunena kuti taonani. Kenako madzi anayamba kulowa m'mipata monse, mbali zonse, ndipo chinatsika pang'onopang'ono mpaka kunatsala milomo yokha.

Kuseka kunayambira kwa anyamata, n'kufalikira. Ena anaseka mobisa, ena mpaka kugwira m'mimba. Ndisaname, inenso kanandipulumuka, kaseko kaja kobwera munthu ukasowa poyang'ana. Lameki anali m'madzi, nkhope itagwa, akuitana anzake kuti achikokere kumtunda. Bambo ake, atakhala pampando umene tinawanyamulira, anakweza ndodo.

“Chileke. Ikamo miyala.”

“Adada?”

“Miyala. Chimire chonse.”

Lameki anatola miyala misozi ili m'maso, poganiza kuti bambo ake ataya mtima ndipo akuchikwirira. Anthu nawo anaganiza chimodzimodzi. Anabalalika akunena kuti lero Zgambo waika maliro a bodza lake. ANyaMoyo anaima patali pansi pa mtengo, sanaseke, anangotembenuka n'kumapita. Ine ndinatsala, mtima ukundiwawa, n'kufunsa kuti asekuru, bwanji osawauza anthuwa chimene mukuchita, ngati chilipo.

“NyaPhiri, ndafotokoza zaka makumi asanu,” anatero. “Mbwenu ndatopa.”

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankakwera ngolo kupita kudamu, n'kukhala pampando ndi ambulera, kuyang'ana madzi opanda kanthu. Abusa a ng'ombe ankawalambalala. Lameki anapempha masiku ena kuntchito, koma ankangozungulira pakhomo, osatha kuyang'ana bambo ake. Kumjigo nkhani inali yomweyo. Tsiku lachitatu mayi wina anaiyambitsa aNyaMoyo ali pomwepo, ati tsopano madzi apuma. ANyaMoyo anatula ndowa.

“Awiske Tiyezge ndimawaseka ndine, amene ndinawadikira,” anatero. “Inu munadikira chiyani?”

Masana ake ndinawaona aNyaMoyo atasenza kambale ndi botolo la madzi, akutsetserekera kudamu ndi miyendo yawo yotupa ija. Ndinawalandira katunduyo, tinayenda limodzi. Tili pakati pa njira anaima kuti apume, n'kuyankhula akuyang'ana kutsogolo.

“Tsiku lopita ku Mzuzu anandiuza kuti ndizithirira. Anandiuza kawiri, ali pamachira. Ine sindinathirire, ndipo Lameki pomanga shedi yake sindinamuuze. Ndinati chiume, tione.”

“Ndiye mwaona, amama.”

“Yayi. Chikanamira chokha ndikanaona. Apa ndachimiza ndine, ndiye sindinaone kanthu.”

Tsiku lachisanu a Zgambo anauza Lameki kuti amange ng'ombe pagoli ndipo atenge ndowa, mlongoti ndi thanga. Kudamu kunali anthu ochepa, ine, aNyaMoyo, abusa a ng'ombe awiri ndi amayi angapo ochapa. Lameki ndi abusawo anamira n'kutulutsa miyala umodziumodzi, ng'ombe zinakokera chombo posaya, n'kuyamba kukapa madzi. Ine ndinkayembekeza kuti akamakapa ena azilowa. Koma madzi ankatsika osabwerera. Matabwa anali atamwa masiku asanu, atafufuma, mipata ija itatsekeka moti ngakhale chikhadabo sichikanalowa. Asekuru analamula kuti apukute pansi ndi chiguduli, tidikire. Tinadikira. Pamalo amodzi pokha panatuluka timadzi, iwo n'kuitanitsa thonje ndi kanyundo, kugogoda katatu, basi. Lameki anasisita thabwa ndi dzanja, n'kuyang'ana bambo ake kukamwa kuli yasa.

Anaimika mlongoti, anamanga zingwe, n'kuwanyamula asekuru kuwakhazika kumbuyo pa chiwongolero. Munthu amene masiku asanu apitawo ankalephera kudzuka pampando anayamba kulamula ndi mawu amene sindinawamvepo, theka Chitumbuka theka Chiswahili, ndipo Lameki, bambo wa imvi zake, ankathamanga uku ndi uku m'chombomo. Atatsala pang'ono kuchikankha, aNyaMoyo anavula mapatapata, anakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi.

“Amama, mukupita kuti?” anafunsa Lameki.

“Ndikaone kumene anali adada ako.”

Anawakweza. A Zgambo anangowalozera pokhala. Thanga linakwera, linakupiza kawiri, kenako mphepo yotentha ija ya Okutobala inalidzaza, chombo n'kupendekeka pang'ono, n'kuyamba kuyenda. Chinalibe phokoso, kumangomveka madzi akung'ambika kutsogolo. Amayi ochapa aja anaimirira sopo ali m'manja. Chinafika tsidya lina, ndipo mbusa wina anati zimenezo ngakhale chitsa chimatha, mphepo ikachikankha. Koma asekuru anatembenuza thanga, chombo chinazungulira, n'kuyamba kubwerera chopingasa, uku kenako uku, kulimbana ndi mphepo yomwe ija, mpaka chinadzagunda pamene chinanyamukira. Apo mbusa uja anatseka pakamwa. Anthu anali akuthamanga kuchokera kumudzi, ndipo ine ndinali ndikulira poyera, osabisa, namwino wamkulu ndi yunifolomu yanga.

Madzulo ake ndinawafunsa aNyaMoyo kuti anaona chiyani. Anati madzi ndi madzi, a padamu amawadziwa. Chimene ankayang'ana ndi manja a amuna awo. Anati manja aja sankafunsa mutu, ankangodziwa okha pogwira, ndipo zimenezo munthu saphunzira kundende.

Dzina sanasinthe, anapitiriza kuitana awiske Tiyezge. Koma ndikamamanga chilonda anayamba kukokera mphasa pafupi, n'kumafunsa. Nsomba zoulukazo zimadyedwa? Nahodayo anali ndi mkazi? Ndipo tsiku lina, asekuru atamaliza nkhani ya bata la masiku asanu ndi atatu, aNyaMoyo anati nawonso ali ndi masiku awo. Anayamba kufotokoza matenda a Tiyezge, tsiku loyamba, lachiwiri, zimene mwana ankanena, amene anakumba manda, nsalu imene anamukulungira. Zaka zonsezo anali asanawauzepo. A Zgambo anamvetsera mutu uli pansi, osadula mawu. Ine ndinamanga bandeji msangamsanga n'kubwerera kwanga.

Chombo chinayendanso kangapo, makamaka Loweruka kukakhala kamphepo. Aphunzitsi anabweretsapo ana a sukulu, ndipo aNyaShawa a komiti ya mjigo anakwerapo atatseka maso ulendo wonse. Chikatuluka m'madzi chinkabwerera pa njerwa za Lameki, ziguduli zonyowa pamwamba, ndipo wothirira anali aNyaMoyo. Asekuru anamwalira patapita mvula ziwiri, masana, atakhala pampando wawo. Maliro atatha panali maganizo ambiri, ena ati chipite kusukulu, ena ati ku boma anthu azikachiona. ANyaMoyo anati mikono yawo yatha, sangathenso kusenza ndowa, ndipo sakhulupirira munthu wina aliyense kuti azithirira. Anatuma Lameki kuti akachibwezere m'damu ndi miyala yake. Chili komweko mpaka lero, pansi pa madzi, pamene ng'ombe sizifika.

Loweruka lija, titachoka kumanda ndi kudya, mlamu wina wochokera ku Euthini, amene sankawadziwa bwino malemuwa, anafunsa aNyaMoyo ngati a Zgambo nawonso anali a ku Joni. Anayankha mosakweza mawu, ngati akunena za mvula ya dzulo.

“Yayi. Amuna anga anali kunyanja yamchere zaka khumi ndi chimodzi. Ankayendetsa jahazi.”

Ndisananyamuke ndinapita kuseri kwa nyumba. Shedi ikadalipo, malata ayamba dzimbiri m'mphepete. Milu inayi ya njerwa ili m'malo mwake, ndipo pakati pake pali dothi lokha, nkhuku zakumbamo maenje osambira fumbi. Pamzati pakulendewera chiguduli chimodzi chouma. Njira yochokera kukhitchini kupita kukhola ikanatha kudutsa pakati penipeni tsopano, n'pafupi, palibe chotchinga. Koma kanjira kakadali kokhota, anthu a pakhomopo akuzungulirabe mmene ankachitira chombo chilipo. Inenso ndinazungulira.